Magazi akamatayikira m'mimba

Amalume anga anayamba kuima m'madzi a m'munda wa mpunga asanamere ndevu, ndipo mpaka zaka 52 sanagonepo m'chipatala. Mowa sankaudziwa, fodya ayi. Dandaulo lawo linali la msana basi, ndipo mankhwala ake anali mapiritsi a bulufeni ogula pa okala, awiri m'mawa asanagwire khasu, awiri madzulo asanagone. Tsiku lina m'bandakucha anadzuka akumva mseru, n'kupempha akazi awo kuti awapatse beseni. Zimene zinatuluka sizinali nsima ya dzulo. Anali magazi, ofiira, ena oundana ngati zidutswa za chiwindi, ndipo pansi pa beseni panabisika.

Pamene tinkafika nawo kuchipatala, manja awo anali atayera ngati a munthu wopera ufa, thukuta lozizira lili kamukamu pamphumi. Dokotala anawagwira pamkono, n'kuwasisita pamimba kumanzere pansi pa nthiti, kenaka anafunsa funso limene tonse tinaliona ngati lachilendo.

"Bambo, masiku apitawa chimbudzi chanu chimaoneka bwanji?"

Amalume anatembenuzira nkhope kukhoma. "Adokotala, kodi alipo munthu amene amasuzumira m'dzenje?"

Anayankha zoona. Ambiri a ife timagwiritsa ntchito chimbudzi chokumba, ndipo chimene chatuluka chimagwera mumdima, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma atafunsidwanso mofatsa, amalume anavomera kuti kwa sabata ndithu ankaona zakuda zomata pa pepala lodzipukutira, za fungo loipa kuposa masiku onse. Ankaganiza kuti ndi ndiwo za chisoso. Thupi linali litawachenjeza kwa masiku asanu ndi awiri, iwo osamva chilankhulo chake.

Mtundu wa magazi umaulula kumene achokera

Njira ya chakudya ndi yaitali: kuchokera kukamwa, kudzera kummero, m'chifu, m'matumbo aang'ono, m'matumbo aakulu, mpaka kotulukira. Pena paliponse m'njira imeneyi pakhoza kutuluka magazi, ndipo maonekedwe ake amasintha malinga ndi mtunda umene ayenda.

Magazi ochokera kummero kapena m'chifu, akakhala ambiri, munthu amawasanza ali ofiira. Akakhalitsa pang'ono m'chifu, asidi wa m'menemo amawapsereza, ndipo masanzi amatuluka oderako, a timibulu ngati masese a khofi. Akapanda kusanzidwa amatsika ndi chakudya, n'kugayidwa ngati ndiwo, ndipo amatuluka ngati chimbudzi chakuda bii, chonyezimira, chomata ngati phula wa pamsewu. Fungo lake anamwino amalizindikira ali pakhomo la wodi. Magazi osakwana n'komwe theka la kapu ya tiyi ndi okwanira kudetsa chimbudzi chotere.

Magazi ofiira otuluka kumunsi nthawi zambiri amakhala achokera pafupi, m'matumbo aakulu kapena pakhomo penipeni. Koma munthu amene akutaya magazi ambiri mofulumira kuchokera m'chifu akhozanso kuchita chimbudzi chofiira, chifukwa magaziwo sapeza mpata wogayidwa. Ameneyo ndiye ali pa ngozi yaikulu.

Sikuti chakuda chilichonse ndi magazi. Mapiritsi owonjezera magazi, amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo, amadetsa chimbudzi, koma sichimata ndipo sichinunkha mwa mtundu umenewu. Kusanza magazi n'kosiyananso ndi kutsokomola magazi. Otsokomola amachokera m'mapapo, amakhala ofiira kwambiri ndi a thovu, ndipo pamenepo dokotala amayamba waganizira chifuwa chachikulu. Wodwala akalongosola bwino kusiyana kumeneku, wafupikitsa ulendo wake.

Ndiye pali magazi ena amene diso siliona. Amadontha pang'onopang'ono miyezi ndi miyezi, chimbudzi chikuoneka bwinobwino. Munthu amangoyamba kutopa, kupuma mwabefu pokwera kachitunda komwe kale ankakwera akuimba, mtima kugunda ngati ng'oma, chizungulire akadzuka msanga, zikhatho ndi m'kati mwa zikope kuyera. Pamudzi timati magazi achepa, n'kumuphikira masamba a mapeyala kapena chidede. Palibe amene amafunsa kuti magaziwo akupita kuti. Kwa mwamuna wamkulu, kapena mayi amene anasiya kusamba, kuchepa magazi kopanda chifukwa chodziwika ndi mlandu wofunika kufufuza m'mimba. Kuthira madzi m'ndowa yobooka si kutunga.

Si zonse ndi maalasa

Munthu akangosanza magazi, abale amagamuliratu: maalasa aphulika. Ena amanong'onezana za tsempho, ena za kudyetsedwa. Za amalume ifenso tinati ndi maalasa, poona mabulufeni aja. Tinalakwa, ndipo kulakwa kwathu n'kumene kwandilembetsa nkhani ino.

Mabuku a zachipatala olembedwa ku Ulaya ndi ku America amaika zilonda zam'mimba patsogolo pa zifukwa zonse. Kuno kwathu, madokotala amene akhala akuunika odwala osanza magazi m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central apeza kuti chimene chimatsogola kawirikawiri ndi mitsempha yotupa ya kummero. Gwero la vutoli silili kummeroko. Lili m'chiwindi.

Magazi onse ochokera m'matumbo amasonkhana mu mtsempha umodzi waukulu n'kudutsa m'chiwindi asanabwerere kumtima. Chiwindi chikalimba ndi zipsera, njira imaphinjika. Madzi a m'ngalande yotsekeka amafuna kolowera, ndipo magazi nawo amatero: amabwerera m'mbuyo, amatupitsa kapamba, n'kudzikankhira m'timitsempha ting'onoting'ono ta kumunsi kwa mmero. Timitsempha timeneti sitinapangidwire katundu wotere. Timafufuma, khungu lake n'kumapyapyala, mpaka tsiku lina kamodzi kamaphulika. Sikapweteka. Munthu amangoona beseni ladzaza.

Chimalimbitsa chiwindi n'chiyani? Mowa ulipo, makamaka kachasu womwedwa zaka zambiri. Aliponso matenda a chiwindi a hepatitis B, amene ambiri amawatenga pobadwa kapena ali aang'ono n'kukhala nawo mwakachetechete mpaka ukulu. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti ambiri obadwa chaka chimenecho chisanafike sanabayidwe. Koma kwa amalume, monganso kwa alimi ndi asodzi ambiri, mdani anali likodzo.

Tikamva likodzo timaganiza za mwana wa sukulu wokodza magazi. Limenelo ndi la m'chikhodzodzo. Lilipo lina, la m'matumbo, limene akatswiri amalitcha Schistosoma mansoni. Tizilombo take timachoka mu nkhono za m'madzi, n'kuboola khungu la munthu amene akuwoka mpunga, kuchapa, kusamba kapena kukoka khoka. Tikakula timakhazikika m'mitsempha ya m'matumbo n'kumaikira mazira tsiku ndi tsiku kwa zaka. Mazira ena amatuluka ndi chimbudzi, ena amakokoloka ndi magazi n'kukatsakamira m'chiwindi. Dzira lililonse limasiya kachipsera. Pakapita zaka khumi kapena makumi awiri, njira za magazi m'chiwindi zimakhala zitazingidwa ndi zipsera zokhazokha. Choipa chake n'chakuti chiwindi chenichenicho chimapitiriza kugwira ntchito, motero munthu samaoneka wodwala. Maso sachita chikasu, amadya, amalima. Chizindikiro chokhacho chingakhale chotupa cholimba kumanzere kwa mimba, chimene chija dokotala ankachifunafuna ndi dzanja.

Likodzo la m'matumboli lakhala likudziwika m'madera a ulimi wothirira ndi m'chigwa cha Shire. Mu 2017 ofufuza anapeza nkhono zofalitsa mtundu umenewu m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ku Mangochi, kumene kale anthu ankangodandaula za likodzo la mkodzo, ndipo chaka chotsatira ana a sukulu a kumeneko anapezeka nalo. Mapiritsi a praziquantel amene amagawidwa m'masukulu amapha tizilomboti. Makolo ena amauza ana awo kuti athawe tsiku la mankhwala chifukwa amachititsa chizungulire akamwedwa ndi njala. Kholo lotero likadaona beseni la amalume, bwenzi likuphikira mwanayo phala n'kumuperekeza lokha. Mankhwalawa amagwira bwino zipsera zisanakhwime. Zikakhwima, kupha tizilombo sikubweza chiwindi mwakale.

Mapiritsi a pa okala

Zilonda zam'mimba nazo zilipo ndithu, ndipo zimapha. Kwa zaka zambiri madokotala padziko lonse ankati zimabwera ndi maganizo, tsabola, kapena kukhala ndi njala nthawi yaitali, ndipo mpaka lero ambiri timakhulupirira zomwezo. Mu 1982 madokotala awiri a ku Perth m'dziko la Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, anaonetsa kuti m'chifu mumakhala kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori. Anzawo sanakhulupirire kuti chamoyo chingapirire asidi wa m'chifu. Mu 1984 Marshall anamwa dala madzi okhala ndi tizilomboto, n'kudwala m'mimba patangopita masiku ochepa. Mu 2005 awiriwa analandira mphotho ya Nobel. Kachilomboka kamafala kwambiri kumene anthu amakhala mothithikana ndiponso madzi aukhondo ndi osowa, ndipo ambiri amakatenga ali ana. Si onse amene kamawapatsa zilonda. Koma amene ali ndi chilonda chifukwa cha iko akhoza kuchiriratu ndi mankhwala a masabata awiri: ochepetsa asidi monga omeprazole pamodzi ndi mitundu iwiri ya mankhwala opha tizilombo. Mkaka ndi soda zimangoziziritsa kwa kanthawi.

Chifukwa chachiwiri cha zilondazi timachigula tokha ndi ndalama zathu. Asipirini, bulufeni, indosidi ndi diclofenac zimathetsa ululu, koma zimafooketsanso chinyezi chimene chimateteza khoma la chifu ku asidi. Wakabaza amene amameza awiriawiri tsiku lililonse kuti miyendo ilole, agogo a nyamakazi amene mdzukulu amawagulira paketi mwezi ndi mwezi, munthu wa matsire amene amatsitsira indosidi pamimba yopanda kanthu: onsewa akusewera ndi moto. Ndipo poti mankhwalawo ndi opha ululu, chilonda chimakula osamveka. Panado alibe khalidwe limeneli, ngakhale naye akachuluka amawononga chiwindi. Amene dokotala anawalembera asipirini wa mtima kapena warfarin asasiye okha, koma akangoona chimbudzi chakuda apite tsiku lomwelo.

Zilipo zifukwa zina zoti tingozitchula mwachidule. Munthu wosanza mobwerezabwereza, kaya ndi mowa kaya ndi mimba yaing'ono, akhoza kung'amba khungu la pamene mmero umakumana ndi chifu, ndipo magazi amabwera pambuyo pa masanzi oyamba. Khansa ya m'chifu imadontha magazi. Khansa ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, imadziwika kwambiri ndi kutsamwa: nyama iyamba kukana, kenaka nsima, kenaka phala. Kwa amene ali ndi HIV ndipo sakumwa ma ARV, khansa ya Kaposi, ija ya mabala akuda pakhungu, imameranso m'matumbo.

Za kumunsi, kumene manyazi amachuluka

Magazi ofiira pa pepala kapena odontha pambuyo pa chimbudzi kawirikawiri amachokera ku mitsempha yotupa ya kotulukira, matenda amene ambiri amati mudzi, kapena ku kang'ambi kobwera ndi chimbudzi chouma. Kutsekula m'mimba kwa magazi ndi zonanda, kupotokola ndi kutentha thupi ndi kamwazi, ndipo mwana wotero asagone pakhomo. Tayifodi yosachizidwa imatha kuboola kapena kutulutsa magazi m'matumbo cha m'sabata yachitatu. Njoka zam'mimba zolowera kumapazi zimayamwa magazi mwakachetechete mpaka mwana kuyera.

Vuto ndi lakuti mudzi wasanduka chofunda cha matenda onse a kumunsi. Munthu amadziyeza yekha, amagula mafuta opaka kapena mankhwala a zitsamba pa depoti, n'kukhala chaka chathunthu. Khansa ya m'matumbo aakulu imayambanso chimodzimodzi, ndipo munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Zokayikitsa ndi izi: magazi osakanikirana ndi chimbudzi osati ongopaka pamwamba, kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kopitirira masabata atatu, kumva ngati sunamalize, kuwonda osadziwa chifukwa. Ndipo si matenda a nkhalamba zokha. Chadwick Boseman, amene anasewera Black Panther, anapezeka ndi khansa imeneyi mu 2016 ndipo anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 43.

Kuyeza koyamba n'kosafuna makina: dokotala amavala gulovu n'kupisa chala. Abambo ambiri akamva zimenezi amanyamula chipewa n'kubwerera. Ndi mphindi imodzi yokha, ndipo zotupa zambiri za kumapeto kwa matumbo chala chimazifika. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dokotala sangalote zimene wodwala wabisa.

Kuyeza kwake

Pali kuyeza kwa mitundu iwiri, ndipo anthu amakusokoneza. Kwina n'kofufuza munthu amene waona kale chizindikiro. Kwina n'kosaka matenda mwa munthu amene akudzimva kuti ali bwino.

Kwa wodwala, amayamba ndi kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, kenaka kuchuluka kwa magazi m'thupi. Chimbudzi amachiunika kufuna mazira a likodzo ndi njoka. Sikani ya pamimba imaonetsa chiwindi ndi kapamba. Koma chimene chimagamula mlandu ndi endoscopy: kapaipi kofewa, konenepa ngati chala, kokhala ndi kamera ndi nyali kunsonga, kamene amakalowetsa kukamwa mpaka m'chifu munthu atakhala osadya maola angapo. Sikamangoona, kamachizanso. Amalume atatumizidwa kuchipatala chachikulu, dokotala anapeza mitsempha itatupa ngati nyemba m'khoko, ndipo anaimanga ndi timphira ting'onoting'ono kuti ifote. Anabwerera kangapo kukamangitsa yotsala, n'kupatsidwa mapiritsi a propranolol ochepetsa mphamvu ya magazi m'mitsemphayo, ndi praziquantel. Kapaipi kofanana nako kolowera kumunsi, colonoscopy, kamaona matumbo aakulu onse, ndipo kamadula tinthu tomera m'khoma tisanasanduke khansa, ulendo umene umatenga zaka zambiri.

Zipangizo zimenezi zimapezeka makamaka m'zipatala zazikulu ndi zina zolipira. Munthu wa kumudzi amayenera kudutsa pa chipatala chaching'ono ndi cha boma kuti alandire kalata, ndiye thiransipoti, ndiye mzere. Apa boma lili ndi ngongole kwa alimi ndi asodzi, pakuti matenda amene amapha kwambiri anthu a m'mbali mwa madzi mankhwala ake ali m'mizinda.

Kusaka matenda mwa anthu abwinobwino kumadalira kachipangizo kotchedwa FIT, kamene kamapeza magazi osaoneka ndi maso m'kachimbudzi kochepa ngati kambewu ka mpunga. Ku England, aliyense wa zaka 50 mpaka 74 wolembetsa kwa dokotala amalandira kachipangizoka pa positi zaka ziwiri zilizonse. Abale athu okhala kumeneko asamakaponye m'bini. Ku United States, akatswiri anatsitsa zaka zoyambira kuyezetsa kuchoka pa 50 kufika pa 45 mu 2021. Kuno kwathu kuyeza kwa anthu onse kotere sikunakhazikike ngati mmene kuliri kuyeza khansa ya khomo la chiberekero, ndiye udindo umagwera mwini thupi. Amene kholo lake kapena m'bale wake wa bere limodzi anadwalapo khansa ya m'matumbo akauze dokotala akamafika zaka 40, kapena msangapo ngati m'baleyo anadwala ali wamng'ono. Amene anakulira m'madzi a m'dimba kapena a m'nyanja ndipo kapamba wake ndi wotupa, kapena akudziwa kuti ali ndi hepatitis B, apemphe kuunikidwa magazi asanatuluke. Munthu amene akuona kale magazi ndi maso asadikire FIT. Ameneyo funso lake layankhidwa, chatsala n'kupeza pamene akuchokera.

Usiku umenewo ukafika

Thupi la munthu wamkulu lili ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo mtsempha wa kummero ukaphulika lita imodzi imatha kutayika madzi a tiyi asanawire. Chimene chimapusitsa mabanja ambiri n'chakuti magaziwo amasiya okha. Wodwala amadzuka, amapempha phala, onse n'kupuma kuti zadutsa. Amabwereranso, kawirikawiri m'masiku oyambirira omwewo, ndipo ulendo wachiwiri umapeza thupi lilibe chosungira.

Mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi. Musamupatse chakudya, mkaka, mowa, mankhwala azitsamba, ngakhale mapiritsi a ululu. Tengani mapaketi a mankhwala onse amene wakhala akumwa, a kuchipatala ndi a pa okala omwe. Ngati muli ndi foni jambulani zimene wasanza, chifukwa "magazi ambiri" a gadiyani wamantha ndi a namwino sayezedwa ndi muyezo umodzi. Ndiye nyamukani nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche kapena kuti mwini mbumba afike.

Amalume anathiridwa mapainti atatu. Anachita mwayi kuti magazi a gulu lawo analipo tsiku limenelo. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ophunzira a m'masukulu, ndipo sukulu zikatsekera nkhokwe zimaphwa. Amene anapereka magazi aja sitikumudziwa. Ife a pabanjapo, amene tinali tisanaperekepo ngakhale kamodzi, tinachita manyazi.

Lero amalume akulimabe mpunga, atavala majombo, ndipo bulufeni anasiyana naye. Mawindo a chimbudzi chawo anawakulitsa kuti muziwala. Inu amene mwawerenga mpaka pano, mawa m'mawa yang'anani pepala musanaliponye m'dzenje. Mukaona zakuda zomata kapena magazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafika musakanene kuti m'thupi simuli bwino. Kanenedwe kake ndi aka: "Adokotala, ndikuchita chimbudzi chakuda."